Musafulumire kudula ulusi posoka chofunda cha zigamba

Tsiku la 7 Epulo likangodutsa, kasuzumireni pansi pa tebulo la telala aliyense wa pakhonde ku Ulongwe kapena ku Furancungo. Amayi amakhala atasoketsa zovala zofanana za tsiku lawo lija, Tsiku la Amayi a ku Mozambique, lomwe timakumbukira Josina Machel, ndipo tizidutswa ta kapulana (chitenje) timangoti mbwee, thumba lili tho pakona. Ena amakatentha kudzala, ena amapukutira mafuta a makina. Chonsecho Juni ali pakhomo, ndipo amene anagonapo ku Angónia kapena ku Tsangano mwezi umenewo akudziwa kuti chitenje chimodzi sichiphula kanthu m'bandakucha. Anzathu a mumzinda wa Tete, kumene thukuta limatuluka ngakhale usiku, akhoza kutiseka. Ife okhala m'tsinde mwa phiri la Domwe chofunda sitiseweretsa.

N'chifukwa chake magulu a amayi amene ndimawayendera ndimawauza kuti atolere tizidutswa timeneti asoke zofunda za zigamba. Nsalu yake ndi yongopempha, kapena yogula ndi ndalama zochepa. Chimene chimadya mametikali ndi ulusi.

Chaka chatha ndinakhala tsiku lonse ndi gulu lina kumbali ya Macanga. Mayi wina anali pa makina ake osokera a Butterfly opalasa ndi miyendo, dzanja lake labwino ndithu, msoko wowongoka. Koma amati akalumikiza tizigamba tiwiri, n'kukweza phazi la makina (kachitsulo kopanikiza nsalu), n'kukokera nsaluyo kuchifuwa, n'kudula. Atenga tina tiwiri, chimodzimodzi. Pofika masana pansi panali poyera ndi ulusi, kamwanapiye katakodwa nawo kumwendo.

"Ulusi wa masiku ano suchedwa kutha, alangizi," anatero.

Ndinawaloza pansi. "Mayi, suwu ulusi wanu uli apawu?"

Tinatenga tepi n'kuwerengera limodzi, ndipo nanu werengerani. Chofunda cha mita imodzi ndi theka m'lifupi, mamita awiri m'litali, cha zigamba za masentimita 10 mbali zonse, chimafuna zigamba 300: mizere 20, mzere uliwonse zigamba 15. Kuti zigambazo zilumikizike n'kukhala mizere pamafunika timisoko tifupitifupi 280. Mukamakoka masentimita 15 nthawi iliyonse musanadule, mwataya masentimita 30, paja ulusi ndi uwiri, wam'mwamba ndi wa m'bobini. Kuchulukitsa ndi 280, ndi mamita 84 ogwera pansi. Tsono msoko wa makina wamba umadya ulusi wotalika pafupifupi kawiri ndi theka kuposa msokowo. Chigamba chodulidwa masentimita 12 (10 aja, kuphatikiza sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse) chimadya masentimita 30. Mwaona? Umene mukutaya ndi wofanana ndi umene ukulowa m'nsalu. Pa timisoko timeneti, pa ulusi uwiri uliwonse umene mwagula, umodzi mwagulira tsache.

Mankhwala ake ndi osavuta: musadule. Sanjani zigamba ziwiriziwiri, nkhope zake zitayang'anana, muunjike kudzanja lamanzere musanakhale n'komwe pa makina. Sokani ziwiri zoyamba. Mukafika kumapeto musakweze phazi, musakoke. Ingolowetsani ziwiri zotsatira pakamwa pa phazilo, mano a makina azikoka okha. Pakati pa zigambazo pamatsala kaulusi kosakwana sentimita imodzi. Pitirizani choncho mpaka mulu uthe. Kuseri kwa makina kumagwa chingwe chachitali cha zigamba zolendewera ngati zovala zoyanika. Mukamaliza tengani sizasi muzidula timaulusi ta pakati tija, tsee, tsee. Ntchito yodulayi mwana wa sukulu amaikonda.

Pa makina opalasa phindu lake ndi lowirikiza, chifukwa simuimaima. Aliyense wosokera chopondera akudziwa kuti poyambira ndi pamene gudumu limakonda kubwerera m'mbuyo n'kudula ulusi. Miyendo ikagwira kayendedwe kake, isiyeni iziyenda.

Funso limene amayi amafunsa nthawi zonse ndi lakuti, nanga osabwereza msoko poyamba ndi pomaliza, sizisosoka? Ayi, bola mufupikitse msoko. Ikani pa mamilimita 2. Pa Singer zakale zimene manambala ake amawerenga kuchuluka kwa misoko pa inchi, ikani pa 12. Komanso kamsoko kalikonse kadzapingasidwa ndi msoko wina polumikiza mizere, ndipo umenewo ndiwo umamanga mapeto. Kubwereza kusungireni m'mphepete mwenimweni mwa chofunda.

Tsono pali kachinsinsi kena, kamene ine ndimakakonda kuposa zonse. Chingwe chija chikatha, mumafunikabe kukoka ndi kudula kuti muchichotse. Pewaninso pamenepo. Khalani ndi kambale pambali, kodzaza tizigamba ting'onoting'ono ta masentimita 6 todula kale kuchokera ku zotsala za zotsala. Mukafika kumapeto a ntchito yanu yeniyeni, lowetsani tiwiri ta m'kambale, musoke, muime singano ili m'katimo. Dulani ntchito yanu kuseri kwake. Tizigamba tija titsale pansi pa phazi, tigone pomwepo ngakhale mpaka mawa. Pobwera mudzangolowetsa ntchito yatsopano pambuyo pake. Motero makina sakhala opanda nsalu m'kamwa, ulusi sutuluka pasingano, ndipo chisa cha ulusi chija chimene chimapotana kunsi kwa nsalu poyambira msoko sichionekanso. Ngakhale kansalu kopyapyala sikamezedwa m'kabowo ka singano, poti ulusi uli kale wokoka.

Ena amangogwiritsa ntchito kasanza kamodzi, kupitapo n'kupitaponso mpaka kachita ndevu. Si kulakwa, ulusi ukupulumukabe. Koma ine ndimaona ngati kutaya mwayi. Mukamalowetsa tizigamba tosiyana nthawi iliyonse, tiwiri lero, tinayi mawa, pakutha pa chofunda chachikulu mumapeza m'kambale muli kale timagulu tokwana kachofunda ka mwana wakhanda kapena chikwama cha kumsika, osachikhalira pansi n'komwe.

Za mtundu wa ulusi musavutike nazo. Misoko ya zigamba imabisika m'kati, choncho palibe chifukwa chogulira wofiira, wobiriwira ndi wachikasu kuti ufanane ndi nsalu iliyonse. Wotuwa ngati phulusa kapena wa khaki umalowa paliponse. Mabobini otsala theka amene telala aliyense amakhala nawo m'kabati, apa ndi pothera pake. Wam'mwamba ndi wapansi akasiyana mtundu palibe adzaone. Chokhacho, ulusi umene wakhalitsa padzuwa uyeseni kaye. Kulungani kuzala n'kukoka. Ukaduka mosalimbana nanu, wafumbwa, usungireni kugwiriza nsalu ndi manja basi.

Ndibwerere pang'ono ku nsalu, poti ulusi wopulumutsidwa pa chofunda chokwinyika ndi wotayikabe. Chapani tizidutswa tonse musanadule. Kapulana yatsopano imakhala youma gwa ndi mankhwala a kufakitale, ndipo ya thonje imabwerera ikalowa m'madzi koyamba; zina zimasuluka, makamaka zofiira ndi zabuluu wakuda. Kansalu kamene kakudetsa madzi kachiwiri ndi kachitatu kachotseni, kangakuwonongereni zoyera zonse. Zovala za pakaunjika, zimene kuno timati kalamidade, zimapereka zigamba zabwino, makamaka malaya aamuna a thonje, koma pewani m'khosi, m'khwapa ndi m'zigongono momwe nsalu yatha. Musaphatikize jinzi ndi nsalu yopyapyala, yolemerayo imang'amba inzake pamsoko. Zotamuka ngati masikipa ziikeni pazokha.

Dulani katoni kolimba ka masentimita 12 mbali zonse, kakhale muyeso wa gulu lonse, ndipo muzilemba ndi choko kapena kasopo kotsala motsata ulusi wa nsalu, osati mopingasa, kuopa kutamuka. Msoko uzidya sentimita imodzi mbali iliyonse, osasintha. Osoka zigamba a maiko ena amasiya mamilimita 6 okha, koma chofunda cha kumudzi chimachapidwa pamwala, ndiye ine ndimati sentimita yathunthu. Matani kapepala pa makina pamene m'mphepete mwa nsalu muzidutsa. Mukaphonya mamilimita awiri okha pa msoko uliwonse, pa misoko 14 ya mzere umodzi mwasiyana ndi mzere unzake pafupifupi masentimita 6, poti msoko umadya zigamba zonse ziwiri, ndipo makona sakumananso.

Positanso pali nzeru. Ndi simbi yamakala, gonekani misoko ya mzere woyamba kumanja, ya mzere wachiwiri kumanzere, mosinthana choncho. Polumikiza mizere misokoyo imalowana yokha, singano siikwera phiri. Singano ya nambala 90 ikwana pa zigamba. Ya 100 muiike pamene mukusoka zonse zitatu pamodzi, pamwamba, bulangete lakale la pakati, ndi zitenje ziwiri zolumikiza za kunsi. Makina akakana kumeza, mangani mfundo ndi manja pamakona a zigamba, zimagwira bwino lomwe. Ndipo chonde, neti ya udzudzu si yoika m'kati mwa chofunda. Ndinaipezapo kwina, ndinadandaula.

Timizere topyapyala tosakwana muyeso musataye. Tisokereni pa nsalu ya bedi yakale, kamodzi pambali pa kanzake, mukutembenuza ndi kusita, kenaka mudule ndi katoni kaja. Nyenyeswa zenizeni zilowe m'pilo.

Tizidutswa timatulutsa fumbi lambiri, ndiye mukatha bobini ziwiri kapena zitatu tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano muchotse thonje lounjikana m'mano ndi nthenga ya nkhuku, mudonthezemo mafuta a makina, osati ophikira. Mayi wa ku Macanga uja tinapeza m'makina mwake thonje lolimba ngati chikopa, ndipo n'limene limadumphitsa misoko. Titachotsa anasoka chingwe cha zigamba 40 osaima, mdzukulu wawo atagwira kumapeto kwake panja pa khonde kuti chisagwere m'dothi.