Nkhongole ya maphunzilo a ku yunivesite: malangizo kwa mabanja a ku Zambia okhala m'cigwa ca Shire

Malangizo awa ndi anu inu makolo ocokela ku Zambia amene mukugwila nchito ya nzimbe ku Nchalo, mukucita malonda ku Ngabu ndi ku Bangula, kapena munamanga banja ku Nsanje, pamene mwana wanu watsiliza Grade 12 kwanu ku Chipata, Katete kapena Petauke. Zimene mabungwe a boma amalengeza m'Cizungu ndazifotokoza m'Cinyanja cifukwa ca mayi wina amene timapemphela naye. Anagulitsa mbuzi ziwili, ndalama n'kutumizila munthu wa pa WhatsApp amene anati adzalowetsa dzina la mwana wake pamndandanda wa olandila nkhongole ya maphunzilo. Tsiku lotsatila nambala ija sinalowenso. Mayiyo si wopusa ayi. Ali kutali ndi Lusaka, ndipo analibe womufunsa.

Yambani ndi funso la unzika

Nkhongole ya boma imatsata unzika wa mwana, osati kumene makolo akukhala. Mwana amene ali ndi NRC yobiliwila, citupa ca nzika ya Zambia, apemphe ku Higher Education Loans and Scholarships Board, imene ambili amangoiti HELSB. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016 m'malo mwa Bursaries Committee yakale. Ngati mwanayo ndi nzika ya Malawi, mwina potsata bambo kapena mayi wa kuno, khomo lake ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board ku Lilongwe. Munthu akakuuzani kuti angapezele mwana wanu nkhongole mbali zonse ziwili, kapena kuti amupangila NRC mwamsanga, mutalikileni. Cikalata cabodza cikadziwika, mwana ndiye amataya malo ake pasukulu.

Mmene HELSB imagwilila nchito

Coyamba mwana apeze malo payunivesite ya boma, monga UNZA, Copperbelt University, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba kapena Chalimbana. HELSB sipeleka malo asukulu. Imathandiza amene sukulu yawatenga kale. Ikatsegula nthawi yofunsila imalengeza poyela, ndipo cilengezoco cimachula zikalata zofunika ndi tsiku lotsekela. Konzekelani NRC, zotsatila za mayeso a Grade 12 ndi kalata yosonyeza kuti yunivesite yamulandila. Kwa mwana wamasiye kapena wocokela m'banja losauka, sungani umboni wa imfa ya makolo ndi kalata ya a Social Welfare.

Pali mfundo imene makolo ambili amaidumpha: iyi ndi nkhongole. Akulu ena akali kuichula kuti bursary monga kale, koma mwana akayamba nchito amabweza, ndipo olembedwa nchito amawadula pamalipilo. Ngakhale amene anathandizidwa kuyambila mu 2004 akubweza. Ine ndimaona kuti ndi nkhongole yoyenela kuitenga, cifukwa imalipila fizi ndi zina zofunika pasukulu, ndipo ndalama ya cakudya imene inacotsedwa mu 2019 inabwezeletsedwa mu 2023. Koma mwana awelenge cipangano asanasaine, adziwe cimene akusenza.

Mwana amene analemba MSCE konkuno ku Chikwawa koma ndi nzika ya Zambia afunse ku yunivesite imene akufuna mmene zotsatila zake zingavomelezedwele. Bungwe loona ziphaso za kunja ndi Zambia Qualifications Authority.

Amene akufuna zaumisili, monga ukalipentala, zamagetsi kapena kusoka, afunse za bursary ya CDF, thumba la boma lotukulila madela, ku khonsolo ya kwanu ndi ku Ward Development Committee. Imeneyi imayendela dela limene mwanayo amakhala ku Zambia, conco m'bale wanu wa kumudzi ndiye angakuthandizeni kukafunsa.

Zikalata zimene zinapita ndi madzi

Ife a kuno tikudziwa zimene namondwe Ana anacita mu January 2022 ndi namondwe Freddy mu March 2023. Mabanja ena anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha, mapepala onse atatsala m'matope. Akathyali amadziwa zimenezi, ndipo amabwela ndi mau okoma akuti angakutulutsileni satifiketi ina popanda inu kuyenda ulendo. Musavomele. Za mayeso a Grade 12 zimacokela ku Examinations Council of Zambia basi, ndipo NRC imapelekedwa ndi ofesi ya boma yolembetsa nzika, mwini wake ataonekela. Ngati simudziwa poyambila, funsani ku ofesi ya kazembe wa Zambia ku Lilongwe. Zikalata zimene muli nazo lelo zijambuleni pafoni, mutumizenso kwa m'bale wodalilika, ndipo zenizenizo muziike m'pulasitiki pamalo okwela mvula isanayambe.

Mmene mungadziwile wacinyengo

Wacinyengo amafulumizitsa. Amati malo atsala awili, tumizani lelo dzuwa lisanalowe. Amafuna ndalama ipite panambala ya munthu, pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Mpamba, ndipo dzina limene limatuluka potumiza si la bungwe. Ngati pali ndalama iliyonse yolipila pofunsila, cilengezo ca bungwe lenileni ndico cimanena kuculuka kwake ndi kolipila, ndipo mumalandila lisiti. Palibe wogwila nchito m'boma amene ali ndi cilolezo cogulitsa malo pamndandanda. Wokuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati akukuitanilani ku ziphuphu, ngakhale atakhala wacibale.

Ena amatumiza uthenga wakuti mwana wanu wapambana scholarship ya kunja imene sanafunsilepo, angolipila za visa ndi ndege. Malo a maphunzilo amene maiko ena amapatsa boma la Zambia amalengezedwa poyela kudzela ku HELSB, ndipo munthu amayamba wafunsila. Enanso amapanga tsamba la Facebook lokhala ndi cizindikilo ca bungwe, n'kuika linki yopempha nambala ya NRC ndi PIN. PIN yanu, kapena manambala amene amabwela pa SMS, musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kucokela ku banki.

Cenjelaninso ndi koleji imene siinalembetsedwe. Musanalipile fizi, onani dzina lake pamndandanda wa Higher Education Authority ku Zambia, wa TEVETA ngati ndi ya zaumisili, kapena wa National Council for Higher Education ngati ili kuno ku Malawi.

Ngati mwatumiza kale

Musacite manyazi, ndipo musadikile kuti mwina aimbanso. Imbilani kampani ya foni nthawi yomweyo, muwauze nambala ya malonda imene ili pa uthenga wotsimikiza. Mauthenga onse asungeni, musafufute. Kanene kupolisi ya pafupi, kaya ku Nchalo, Chikwawa kapena Nsanje. Ngati nambala ya wakubayo ndi ya ku Zambia, m'bale wanu wa kumeneko akanenenso kupolisi ndi ku ZICTA, bungwe loyang'anila za mafoni ndi intaneti. Ndipo ngati munapeleka PIN, isintheni lelo lomwe.