Kutchinga nkhumba ndi mpanda wamagetsi

Mpanda wamagetsi umagwira nkhumba ndi mantha, osati ndi kulimba kwa waya. Nkhumba yaikulu itatsimikiza kudutsa, waya awiri sangailetse. N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi kuziphunzitsa.

Mangani kakhola kolimba ka matabwa, ndipo mkati mwake muzungulize waya wamagetsi motalikirana ndi matabwawo masentimita 15 mpaka 20. Nkhumba ikagwidwa shoko koyamba, kawirikawiri imathamangira kutsogolo. Ikagunda matabwa, imaphunzira kubwerera m'mbuyo. Zikhale mmenemo sabata imodzi kapena ziwiri, kufikira mutaona kuti ngakhale zikukankhana sizikuyandikira waya.

Pamalo podyetsera, nkhumba zazikulu zimakwana ndi waya awiri: wina masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pansi, wina 45 mpaka 50. Ngati pali tiana, onjezerani wachitatu pa masentimita 10 mpaka 15. Cholinga n'chakuti shoko igwire pamphuno, ponyowa komanso popanda ubweya. Mizati italikirane mamita 3 kapena 4, koma muithinanitse pamalo otsika kuti pasatsale mpata wokwawira. Waya adutse pa ma insulator apulasitiki, zogwirira waya zosadutsa magetsi, asakhudze mtengo kapena chitsulo.

Makina otumiza magetsi, otchedwa energiser, amagunda pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo ambiri amayendera batire ya mavoti 12 kapena sola. Musayese kulumikiza mpanda ku magetsi a m'nyumba popanda makinawa, zimapha anthu ndi ziweto zomwe. Waya waminga nayenso musamupatse magetsi, chifukwa chiweto chikakodwa chimalephera kuthawa.

Ambiri amanamizira makina pomwe vuto lili pansi. Magetsi amadutsa m'thupi la nkhumba, kulowa m'nthaka, n'kubwerera ku makina kudzera m'zitsulo zokhomedwa pansi, zotchedwa earth. Njira imeneyi ikafooka, shoko imangokhala yonyerenyetsa. Khomani zitsulo zosachita dzimbiri pamalo achinyezi, zotalika mita imodzi pa joule iliyonse ya makina anu (joule ndi muyeso wa mphamvu ya makinawo), ndipo zikakhala zingapo zitalikirane mamita 3. M'chilimwe nthaka youma siyendetsa bwino magetsi, choncho muzithira madzi pazitsulozo. Pimani ndi tesita, kachipangizo koyezera mavoti, kumapeto kwenikweni kwa mpanda, osati pafupi ndi makina. Mukapeza mavoti osakwana 3,000, pali pomwe magetsi akuthawira.

Kawirikawiri olakwa amakhala nkhumba zomwezo. Zikamafukula zimaunjika dothi pa waya wapansi, magetsi n'kumathera pamenepo. Yenderani mpanda tsiku lililonse ndi khasu, musalaze dothilo ndi kumweta udzu wokhudza waya. Pomwe mwamva kuti "tha, tha", yang'anitsitsani.

Pachipata ikani geti yooneka ya matabwa yopanda magetsi. Nkhumba zophunzira bwino zimakana kudutsa pomwe panali waya ngakhale mutamuchotsa, ndipo tsiku lozisamutsa mungavutike nazo mpaka dzuwa kulowa.