Ndinakhalapo kundende, tsopano akufuna kalata ya kupolisi

Mwafunsa kuti mutani poti olemba ntchito akufuna kalata ya kupolisi (yosonyeza ngati munapezekapo ndi mlandu), chonsecho munakhalapo m'ndende ya Zomba.

Choyamba, pitani kupolisi ya Zomba ndi chiphaso chanu cha unzika. Akakudindani zala, mukalipira, ndipo musachokepo opanda lisiti. Zidindozo amakazifufuza kulikulu la apolisi ku Area 30, ku Lilongwe, choncho yambani msanga.

Mlandu umene khoti linakupezani nawo wolakwa ukaoneka ndithu. Chonde musaubise, achimwene. Abwana akadzautulukira okha, chodzakuchotsani ntchito ndi bodzalo. Auzeni nokha mwachidule: unali mlandu wanji, chaka chiti, ndipo mwachita zotani chitulukireni.

Kenako pemphani kalata yaumboni kwa amfumu kapena abusa anu. Ngati munaphunzira ukalipentala kundendeko, yambirani pa ntchito imeneyo, chifukwa ntchito zaulonda ndi zosunga ndalama zimavuta kupeza ukakhala ndi mbiri yotere.