Mmene ndinathanirana ndi kuterereka pa phiri la Chipata

Amene munakwerapo Chipata uko ku Nkhotakota Wildlife Reserve mukudziwa kuti kukwera ndi bola, nkhani ili potsika. Kanjira kake nkotsetsereka koopsa, masamba ali mbwee ndiye pansi pake dothi lonyowa poti mitengo ya kumtunda kuja dzuwa silidutsa bwino. Nsapato zanga za pakaunjika zinali zitaperepeseka kunsi, phazi kumangoterereka, zala kumagunda kutsogolo mpaka chikhadabo kuda bii.

Ndinapita nazo kwa osoka nsapato pamsika wa paboma, ndinati "achimwene mundiikire tayala kunsiku koma mizere yake ikhale yopingasa". Anadula tayala lakutha la galimoto, kumata ndi guluu kenako kusokanso ndi ulusi wa nayiloni kuti lisamatuke likanyowa. Zalemerako inde koma zikugwira nthaka bwinobwino, olo pamizu sindikutsetserekanso.

Za zalazo ndinawenga zikhadabo, kuvala masokosi awiri, zingwe kumanga zolimba pakakolo tisanayambe kutsika. Ndodo ya nsungwi m'manja, kumatsika chammbali pang'onopang'ono. Koma chonde osalowamo nokha opanda renja, muli njovu zambiri, zina ndi zija a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anabweretsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.