Momwe mungachitire RAID ikasiya kuona disiki chifukwa cha malo obisika

Maofesi ang'onoang'ono ndi mashopu osindikiza mapepala kuno ku Zomba amakonda kumanga madisiki awiri pamodzi mu RAID 1 kuti imodzi ikafa inzake isunge mafailo. Tsiku lina magetsi athima, abwera, kompyuta yayaka, koma RAID ikunena kuti disiki imodzi palibe. Musathamangire kumsika kukagula ina. Nthawi zina disikiyo ili bwinobwino, kungoti kumapeto kwake kwabisika.

Malo obisikawa dzina lake ndi HPA, chidule cha Host Protected Area. Ndi kachigawo kakumapeto kwa disiki komwe kompyuta imauzidwa kuti isakawerengere. Vuto ndi loti RAID zambiri zimalemba chizindikiro chawo (metadata), chomwe chimauza kompyuta kuti disikiyo ndi ya RAID iti, kumapeto komweko. Intel RST, RAID ya pa motherboard za Intel, imatero, nayonso mdadm, pulogalamu yoyendetsera RAID pa Linux, ikamagwiritsa ntchito metadata 0.90 kapena 1.0. Zili ngati malire a munda: wina akasuntha mwala, mumafuna chikhomo pamalo pomwe palibe. Mdadm ya metadata 1.2 imalemba chizindikiro chake 4 KB kuchokera poyambira disiki, koma nayonso imakana disiki yomwe yachepa.

Musanakhudze chilichonse, mverani izi. Windows ikakufunsani kuti muchite initialize, kanani. Pa Linux musalembe mdadm --create poganiza kuti mukukonza, chifukwa lamuloli limalemba chizindikiro chatsopano pamwamba pa chakale. Ngati disiki inzake ikuwerengeka, kopani mafailo onse kaye, ndipo kompyuta ikhale pa UPS, batire yoigwirizira magetsi akathima.

Yatsani kompyutayo ndi Linux ya pa flash, monga Ubuntu kapena SystemRescue. Madisiki alumikizidwe ndi chingwe cha SATA ku motherboard, osati kudzera m'kabokosi ka USB, popeza timabokosi tambiri sitidutsa malamulo omwe tikufunawa. Lembani lsblk kuti muone mayina a madisiki, kenako:

sudo hdparm -N /dev/sda

Chitani chimodzimodzi pa /dev/sdb. Mudzaona manambala awiri: yoyamba ndi masekita (tizigawo ta disiki) omwe kompyuta ikuona, yachiwiri ndi masekita onse a disikiyo. Disiki ya 1 TB yopanda vuto imaonetsa 1953525168/1953525168 ndi mawu oti HPA is disabled. Nambala yoyamba ikakhala yochepa, monga 1953523055, ndiye kuti masekita 2113 abisika, pafupifupi 1 MB. Lembani manambala onse papepala. Lamulo la dmesg | grep -i hpa likutsimikizirani zomwezo.

Apa ndi pomwe pamafunika kufatsa, ndipo ndikupemphani amisiri anzanga kuti musadumphe. Funso ndi ili: chinayamba kubwera ndi chiti, HPA kapena RAID?

Ngati disiki inali kale ndi HPA pomwe RAID imamangidwa, monga zimakhalira ndi madisiki ena ogula akaunjika, chizindikiro chili kumapeto kwa gawo looneka. Mukachotsa HPA, mapeto asuntha ndipo mwadzipangira nokha vuto. Zoterezi zimachitikanso Linux ikatsegula HPA payokha poyaka, pomwe BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yomwe imayamba kompyuta ikamayaka, ikuonabe disiki yaifupi. Mankhwala ake ndi kuika libata.ignore_hpa=0 pamzere wa kernel mu GRUB, pulogalamu yoyatsira Linux, n'kuyatsanso. Disiki musaikhudze n'komwe.

Koma ngati madisiki awiri ofanana akuonetsa kukula kosiyana, imodzi yokha ndiyo ili ndi HPA, n'kutheka kwambiri kuti HPA yabwera pambuyo. Kawirikawiri gwero lake ndi motherboard. Mitundu ina yakale ya Gigabyte imasunga kope la BIOS kumapeto kwa disiki n'kutsekapo ndi HPA. Lowani mu BIOS, fufuzani mzere wonena za kusunga BIOS pa HDD, muuzimitse. Sinthaninso kabatire kozungulira ka CR2032 ngati katha, chifukwa kakafooka BIOS imaiwala zomwe munaikonzera magetsi akangothima.

Tsopano yesani kaye mosakhalitsa:

sudo hdparm -N 1953525168 /dev/sda

Nambalayo ikhale yachiwiri ija ya disiki yanu, osati yangayi, ndipo m'malo mwa /dev/sda muike dzina la disiki yomwe ili ndi HPA. Popanda chilembo p kutsogolo kwake, kusinthaku kumatha mukazimitsa kompyuta, ndiye ubwino wake. Njira ina yoyesera ndi kuyatsa Linux ndi libata.ignore_hpa=1. Kenako lembani mdadm --examine pa disikiyo kapena pa partition yake. Chizindikiro chikaoneka, mangani RAID mongowerenga ndi mdadm --assemble --scan --readonly, muone mu /proc/mdstat, mutsegule mafailo angapo kuti mutsimikize.

Zonse zikakhala bwino, bwerezani lamulo lija ndi p, motere: hdparm -N p1953525168 /dev/sda. Disiki imalola kusintha kokhalitsaku kamodzi kokha pa kuyatsa kulikonse, choncho zimitsani kompyuta mpaka kuzula chingwe cha magetsi, muyatsenso, muonenso manambala.

Nthawi zina chizindikiro sichibwerera chifukwa BIOS inalemba zake pamwamba pake. Pa RAID 1 si zoopsa: yatsani ndi disiki yabwinoyo, muonjezere inzake ndi mdadm --add, idzikopera yokha. Pa mitundu ya RAID yomwe imagawa mafailo pa madisiki angapo, monga RAID 0, kapena RAID 5 yosowa madisiki awiri, imani pomwepo, kopani disiki iliyonse yathunthu ndi pulogalamu ya ddrescue musanayese china.

Palinso DCO (Device Configuration Overlay), yomwe imabisa malo mozama kuposa HPA. Muione ndi hdparm --dco-identify, koma lamulo la --dco-restore musaliyese pa disiki yomwe muli mafailo a kasitomala.