Mmene ndinatengera ma log pa terminal seva itakana kutsegula

Ofesi yathu ili pa Thyolo boma ndipo tili ndi kaseva kosungira mafayilo, kamayenda pa Ubuntu (mtundu wa Linux) ndi ZFS (dongosolo losungira mafayilo pa madisiki). Magetsi atathima mwadzidzidzi kanayamba kuchedwa zedi, peji yake ya pa browser osatsegukanso ayi, ndiye a support akuti tumizani ma log (zomwe makina amalemba okha za zomwe zikuchitika mkati mwake), koma batani lotengera ma log lili pa peji yomweyo yakanayo!

Ndinalowa mu seva kuchokera pa laputopu ndi ssh, njira yolamulira makina ena polemba malamulo pa terminal. Choyamba zpool status -v, inaonetsa DEGRADED, disiki imodzi yavuta. Kenako sudo smartctl -a /dev/sdb > smart.txt, yoonera thanzi la disiki yavutayo (sdb), apa muziyang'ana mzere wa Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector, manambala akamakwera ndiye kuti disikiyo ikutha basi.

Pomwe ambiri amasochera mpa dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel (mtima wa Linux). Imangoonetsa za kuyambira pomwe makina ayaka, zomwe zinachitika magetsi asanathime mulibe, pamene a support akufuna zimenezo. Ine ndinalemba sudo journalctl -k -b -1 > kernel.txt, ka -1 kaja kakutanthauza ulendo wapitawo womwe makina anayaka, koma zimatheka pokhapokha foda ya /var/log/journal ilipo.

Zonse ndinamanga pamodzi ndi tar czf logs.tar.gz *.txt chifukwa netiweki kuno mvula ikagwa imavuta, kafayilo kakang'ono kamapita msanga ngakhale pa bandulo ya foni. Musanatumize tsegulani kaye muone ngati mulibe pasiwedi kapena mayina a makasitomala, izi ndimalimbikira kwambiri.

Anayankha kuti tisinthe sdb, tinagula ina ku Limbe, ndinalemba zpool replace, resilver (kukopera deta pa disiki yatsopano) inatha usiku.