Kulinganiza makabuleta ndi kukonza idle pa njinga zamoto zakale ku Dedza ndi Ntcheu

Ng'ombe ziwiri zikakhala pa goli limodzi, ina ikukoka inzake ikungotsatira, ngolo imayenda ndithu koma mokhotakhota, ndipo yokokayo imafika kumunda itatheratu. Njinga yamoto ya masilinda awiri kapena anayi imachita chimodzimodzi makabuleta ake, omwe amasakaniza petulo ndi mpweya, akasiyana katsegukidwe. Silinda imodzi imadya kwambiri, inzake imangonyambita. Njinga ikaima injini imanjenjemera, cha ku kilatchi kumamveka kugogoda ngati muli chitsulo chomasuka, pa mphambano imakuzimirani, ndipo mukapatsa moto pang'ono imayamba yadodoma kenako n'kudumpha.

Zolinganizazi zikukhudza njinga monga Honda CB350 ya masilinda awiri, CB750 ya anayi yomwe idatuluka mu 1969, Yamaha XS650 ndi ma Suzuki GS. Za kabaza zomwe zimanyamula mbatatesi pa Lizulu ndi pa Bembeke, komanso Honda CG125, Yamaha DT125 ndi AG200, zili ndi kabuleta imodzi basi, choncho palibe cholinganiza. Komabe eni ake awerenge m'munsimu za idle, kulira kwa injini njinga itaima osapatsidwa moto, chifukwa kumeneko lamulo ndi limodzi.

Kulinganiza ndi ntchito yomaliza

Amakaniko ambiri amathamangira kugwira sikuluu za kabuleta njinga ikangofika. Apa ndi pomwe ntchito imalakwikira. Chomwe timayeza polinganiza ndi mphamvu yomwe silinda iliyonse ikukokera mpweya pakati pa kabuleta ndi injini. Mphamvu imeneyi imasintha vavu ikathina, moto wa pulagi ukachedwa, kapena labala wapakhosi pa kabuleta akang'ambika. Mukalinganiza zinthuzi zisanakonzedwe, mwangobisa matenda, ndipo tsiku lomwe mudzakonze mavavu zonse zidzasokonekeranso.

Yambani ndi mavavu injini itazizira, makamaka m'mawa njinga isanalizidwe. Pa CB750 yoyambirira ija mpata ndi 0.05 mm ku vavu yolowetsa ndi 0.08 mm ku yotulutsa. Pa CG125 ndi 0.08 mm konse kuwiri. Njinga iliyonse ili ndi muyeso wake, osabwereka wa ina. Ngati ili ya mapoyinti, tizitsulo totseka ndi kutsegula magetsi opita ku pulagi, mpata wake pa ma Honda akale ndi 0.3 mpaka 0.4 mm, ndipo mukausintha onaninso taimingi, nthawi yomwe pulagi imathetheka, chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Mapulagi akhale a nambala imodzi, mpata 0.6 mpaka 0.7 mm. Sefa ya mpweya ya siponji ichapidwe ndi parafini, iume, muidonthezere oyilo pang'ono n'kuifinya. Ya pepala sachapa. Igwedezeni, ndipo ngati fumbi la Seputembala laimata, gulani ina.

Malabala apakhosi pa kabuleta ndiwo amavutitsa kwambiri pa njinga ya zaka makumi anayi. Amauma, amachita ming'alu yosaoneka, ndipo mpweya umalowera pamenepo osadzera mu kabuleta. Injini ikulira, poperani mankhwala otsukira kabuleta pang'ono pa labala aliyense, kutali ndi ekizozi ndi mawaya a mapulagi chifukwa amayaka. Kulira kukasintha, pamenepo pakudontha. Kumata ndi silikoni kumangothandiza masiku owerengeka, petulo amamudya.

Za petulo nazo n'zofunika kuzidziwa. Wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amayamwa chinyezi ndipo amaumitsa malabala akale. Njinga ikakhala mwezi umodzi kapena iwiri osayenda, m'kambale ka pansi pa kabuleta mumapezeka madzi ndi zoyera ngati phulusa. Choyamba kutsekeka ndi pilot jet, kajeti kakang'ono kodutsa petulo m'kati mwa kabuleta, poti kabowo kake sikafika ngakhale theka la milimita, ndipo ndi jeti imeneyi yomwe imadyetsa injini pa idle. Ichotseni, muiyang'anire kudzuwa. Kuwala kukapanda kuoneka kozungulira bwino, iviikeni m'mankhwala n'kuipopa ndi mpweya. Ikakana, tengani kachingwe kamodzi ka kopa ka m'kati mwa waya wamagetsi. Singano kapena waya wachitsulo amakulitsa bowo, ndipo jeti yotero simungaibwezenso. Petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musefeni ndi kansalu musanathire. Mafuloti, omwe amayandama m'kambale kaja n'kumatseka petulo akakwana, nawo akhale pa msinkhu umodzi m'makabuleta onse.

Makabuleta akadali pa tebulo, alinganizeni ndi maso. Lowetsani kawaya kowongoka kapena kadirilo kakang'ono pansi pa silaidi yoyamba, kachitseko komwe kamakwera mukapatsa moto, musinthe mpaka kazilowa mokhudza pang'ono, kenako chitani chimodzimodzi ku enawo ndi kawaya komweko. Izi sizimaliza ntchito, koma zimakufikitsani pafupi, ndipo muona posachedwa chifukwa chake n'zofunika.

Choyezera chopanga nokha

Khutu silingathe ntchitoyi, ngakhale la mmisiri wakale. Mageji ogula ndi odula ndipo sapezeka wamba, koma choyezera chabwino chimapangika ndi kapaipi koonekera m'kati, konga kaja amisiri omanga amaonera levulo. Gulani mamita 6. Kapindeni pakati, mukakhomere pa thabwa lotalika mita imodzi kuti kaoneke ngati chilembo cha U, mbali ziwirizo zitagundana. Kumatsala mamita awiri mbali iliyonse opita ku injini. Thiranimo oyilo wa two-stroke kapena ATF, wofiira uja wa m'giyabokosi ya galimoto za otomatiki, mpaka afike masentimita 40 mbali zonse. Amalowa mamililita 20 mpaka 30 malinga ndi kukula kwa kapaipi. Imikani thabwalo usiku wonse kuti thovu lituluke, m'mawa mulembe mzere pomwe oyilo waima.

Madzi ayi. Amadumphadumpha osawerengeka, ndipo akayamwidwa n'kulowa mu silinda angawononge. Oyilo akalowa pang'ono amangofuka utsi. Kuti asagwedezeke kwambiri, lowetsani pilot jet yakale m'nsonga iliyonse ya kapaipi, zonse za nambala imodzi.

Oyilo ndi wopepuka pafupifupi ka 15 kuposa mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe chimakhala m'zoyezera zina. Mabuku ambiri a njinga amalola kusiyana kwa masentimita 2 a mercury kapena kuposerapo pang'ono, komwe pa thabwa lanu ndi masentimita 30 a oyilo. Tsono mukafikitsa mbali ziwirizo pa kusiyana kwa masentimita 5, mwapitirira kale zomwe buku likufuna. Musataye tsiku kufunafuna kuti zifanane ndendende. Kuipa kwa choyezerachi n'komweko: makabuleta akasiyana kwambiri, oyilo yense amathamangira mbali imodzi n'kulowa mu injini. N'chifukwa chake tinayamba ndi kawaya pa tebulo, ndipo poliza koyamba chala chikhale pa swichi yozimitsira.

Kagwiridwe kake

Yendetsani njinga mphindi 10 mpaka 15 kuti itenthe bwino, choki chisakugwira ntchito. Gwirirani ntchito pabwalo kapena pa khonde, chifukwa utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wosanunkha womwe umapha m'chipinda chotseka. Nthawi zambiri thanki iyenera kuchoka kuti mufikire sikuluu. Pachikani botolo la petulo pamwamba, kutali ndi injini, lilumikizidwe ndi paipi yosadontha. Ngati kampopi ka petulo ndi kotseguka ndi mpweya wa injini, tsekani kapaipi kake ndi bawuti, apo ayi silinda imeneyo iziyamwa mpweya n'kukunamizani.

Pa njinga zambiri, pakati pa kabuleta ndi injini pali poyezera. Pa Honda ndi Suzuki zambiri ndi kasikuluu ka 5 mm, pa Yamaha zina ka 6 mm, pomwe zina zili ndi kansonga kovekedwa kachipewa ka labala. Lumikizani nsonga zonse ziwiri za kapaipi musanalize injini. Ngati pali paipi yolumikiza makosi awiriwo, itsekeni poyeza.

Lizani, muike idle pa muyeso wake, muyang'ane thabwa. Oyilo amakwera mbali yomwe ikukoka kwambiri, ndipo mbali yokoka kwambiri ndi yomwe kabuleta yake ili yotseka kuposa inzake. Ambiri amaganiza mosemphana, amati yokwerayo ndiyo yatseguka, n'kumapotoza molakwika mpaka oyilo atathera mu injini. Tsegulani pang'ono ya mbali yokwerayo, kapena tsekani inzakeyo. Potozani sikuluu yolinganizira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira kumodzi, chotsani sikuludiraiva chifukwa kulemera kwa dzanja kumasintha muyeso, patsani moto kamodzi kuti zitsulo zikhale m'malo, dikirani oyilo akhazikike. Idle ikakwera kapena kutsika, ibwezeni musanapitirize. Pomanga nati yotsekera gwirani sikuluu isayende, ndipo mukamanga yang'ananinso thabwa, poti kumangako kumasuntha muyeso.

Injini zimenezi zimazizira ndi mphepo ya paulendo. Ikamalira itaima imatentha msanga, ngakhale ku Dedza kozizira. Ikani fani kutsogolo, kapena muzizimitsa pakatha mphindi zisanu zilizonse. Injini yotenthetsa imasintha kalilidwe, ndipo mumayamba kukonza vuto lomwe mwalipanga nokha.

Pa ya masilinda anayi yomwe makabuleta ake ndi olumikizana, linganizani 1 ndi 2, kenako 3 ndi 4, pomaliza sikuluu yapakati yomwe imafananitsa magulu awiriwo, kapaipi kali pa 2 ndi 3. Mabowo omwe simukuyezapo akhale otseka. Pa njinga zina kabuleta imodzi ilibe posinthira. Imeneyo ndiye mwini mudzi, enawo amatsata iyo.

Za masilinda awiri zomwe kabuleta iliyonse ili ndi kebulo yakeyake zili ndi ntchito ziwiri. Choyamba masulani makebulo akhale ndi mpata, mulinganize idle ndi sikuluu zoimitsira silaidi. Chachiwiri, kwezani moto pang'ono mpaka injini izizungulira cha m'ma 2,500 pa mphindi. Oyilo akathawira mbali imodzi, ndiye kuti kebulo ya mbaliyo ikuchedwa kukoka, ndipo mukonze pa kanati ka pamwamba pa kabuleta, osati pa sikuluu ya idle. Njira yakale yozula chipewa cha pulagi imodzi kuti mumve silinda inayo payokha imapsereza koyilo kapena CDI, kabokosi kolamulira moto wa pulagi, ngati chipewacho changosiyidwa m'malere. Mukaigwiritsa ntchito, ikanimo pulagi ina yogunditsa ku chitsulo cha injini.

Idle ndi sikuluu yosakanizira

Pali sikuluu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Yaikulu, ya sipuling'i yoonekera, imangokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini. Yaing'ono ndiyo imasakaniza petulo ndi mpweya. Yaing'onoyi ikakhala mbali ya sefa ya mpweya, kawirikawiri ndi ya mpweya: kuimasula kumachepetsa petulo m'chisakanizo. Ikakhala mbali ya injini, nthawi zambiri cha pansi, ndi ya petulo: kuimasula kumaonjezera petulo.

Musanasinthe, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka ingokhudza, mulembe nambalayo. Osaithinitsa. Nsonga yake ndi yosongoka ngati singano, imapindika kapena kuthyokera m'bowo. Mukaichotsa samalani kasipuling'i, kawashala ndi kalabala kakang'ono kozungulira, komwe kamakonda kutsalira m'kati. Poyambira pabwino ndi kuimasula kamodzi ndi theka mpaka kawiri, mofanana pa makabuleta onse.

Injini itatentha, potozani kota imodzi, dikirani masekondi 15, mvetserani. Pitirizani mbali imodzi mpaka kulira kuyambe kutsika, bwererani mbali inayo mpaka kutsikenso, muike pakati pomwe injini ikulira mokweza ndi mosalala. Kenako tsitsani ndi sikuluu yaikulu ija. Za masilinda anayi zambiri zimafuna 1,000 mpaka 1,200 pa mphindi, zazing'ono za silinda imodzi cha m'ma 1,400. Ngati malo abwino akupezeka mutamasula kupitirira katatu, kapena sikuluu ili pafupi kutsekeratu, vuto silili pa sikuluu: jeti yatsekeka, ndi ya nambala yolakwika, kapena pali podontha mpweya. Pa ya makabuleta angapo, mukamaliza apa bwererani ku thabwa, muyeso umakhala utasunthako.

Patsani moto n'kusiya. Injini ikachedwa kutsika, petulo wachepa kapena mpweya ukulowera pena. Ikatsika mpaka pansi n'kufuna kuzima, petulo wachuluka. Pulagi ya mwaye wakuda ikunena zomwezo. Yoyera mbuu ikuti injini ikumva ludzu. Yabwino imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ena amakonda idle yotsikitsitsa kuti njinga izimveka kugunda kamodzikamodzi. Pamenepo pampu siikankha oyilo wokwanira kumutu kwa injini, ndipo batire silitchajika.

Mapiri athu

Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi siifika mamita 500. Mpweya wa pa Dedza ndi wopepukirapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti. Njinga yokonzedwa kunyanja ikakwera kuno imalandira petulo yemweyo ndi mpweya wochepa, ndiye idle imatsika, pulagi imada. Yokonzedwa kuno mpaka pamapeto penipeni pochepetsa petulo, ikatsika chitunda cha Golomoti imakauma kukhosi, imatentha ndipo imaphulitsa mu ekizozi. Ngati mwini wake amatsika kawirikawiri kukatenga nsomba, siyani sikuluu yosakanizira itapendekera kota imodzi kumbali ya petulo wochulukirapo.

Kulinganiza kokhako sikusintha ndi mapiri, poti masilinda onse amapuma mpweya umodzi. Koma amene ali ndi mageji a mivi aona nambala zotsikirapo kuposa za m'buku. Asazithamangitse, chofunika n'chakuti mivi ifanane. M'mawa wa Juni ndi Julayi injini yozizira imavuta kukhazikika, ndipo mankhwala ake ndi choki kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukakweza idle nthawi imeneyo, masana izikuwa ndipo giya yoyamba izilowa mogogoda.

Pomaliza bwezerani tisikuluu ta poyezera ndi mawashala ake, kapena tizipewa ta labala tosang'ambika, chifukwa kamodzi kakaiwalika silinda imeneyo iyamba kuyamwa mpweya. Kebulo ya moto ikhale ndi mpata wa mamilimita 2 mpaka 6 pa chogwirira. Mutabwezera thanki, lizani injini, mukhotetse mahandulo mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja. Kulira kukakwera, kebulo yapanikizika pansi pa thanki kapena yadzera njira yolakwika, ndipo njingayo isatuluke pa msewu musanaikonze.